Harry Johnston: Wojambula maluwa yemwe adathandiza kudula malire a dziko lino

Munthu akaima pa Lufita, kufupi ndi Boma la Chitipa, amakhala ali pakati pa maiko atatu. Akalunjika kumpoto sachedwa kufika pamtsinje wa Songwe, ndipo akangooloka ndiye kuti waponda dziko la Tanzania. Akalowera kumadzulo, posakhalitsa ali m'Zambia. Amalonda a m'derali amaudziwa bwino mtolo wa malirewa: ndalama zamitundu itatu m'thumba, ziphaso zoolokera, komanso achibale olankhula chinenero chimodzi koma owerengedwa m'maiko osiyana.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mbiri ya malirewa ikukhudza mzungu wina wamfupi kwambiri, wa mawu aang'ono ngati a mnyamata, yemwe ntchito imene adaphunzira kusukulu idali yojambula zithunzi ndi utoto. Dzina lake ndi Harry Johnston, mtsamunda woyamba kulamulira dziko lino. Iye adadutsa m'mapiri a Chitipa m'chaka cha 1889, koma ulamuliro wake adauyendetsera kutali, pamtunda wa makilomita oposa 900 kummwera, m'nyumba yansanjika yozunguliridwa ndi maluwa m'tsinde mwa phiri la Zomba.

Nyumbayo ndi yomwe anthu adaitcha Masongola.

Johnston adabadwira ku Kennington mumzinda wa London pa 12 June 1858. Banja lake silidali la mafumu kapena la asilikali monga zidalili ndi atsamunda anzake ambiri. Ali mwana ankakonda kupita kumalo osungirako nyama a mumzindawo kukajambula mbalame ndi zilombo. Adaphunzira zinenero pa King's College, kenako n'kutha zaka zinayi pasukulu ya luso lojambula ya Royal Academy. Aliyense yemwe adamuona masiku amenewo akadaganiza kuti mnyamatayu adzakalamba akugulitsa zithunzi.

Luso lomwelo ndi lomwe lidamufikitsa ku Africa. M'chaka cha 1879 adapita ku Tunis, kumpoto kwa Africa, kukajambula, ndipo ali kumeneko adayamba kulembera nyuzipepala za kwawo nkhani za ndale. Mu 1882 adaperekeza ulendo wina wa ku Angola, ndipo chaka chotsatira adakumana ndi Henry Morton Stanley kumtsinje wa Congo. Mu 1884 adatumidwa kuphiri la Kilimanjaro kukatolera zomera ndi mbalame. Zomerazo adatoleradi, koma adabwerakonso ndi mapepala a malo omwe mafumu a kumeneko adadindapo. Kuyambira pamenepo manja ake awiri ankagwira ntchito ziwiri: lina burashi, lina pepala la pangano.

Khalidwe lake lenileni lidaonekera ku West Africa, komwe boma la Britain lidamutumiza ngati wachiwiri kwa kazembe. Kumeneko kudali mfumu ina yolemera, Jaja ya ku Opobo, m'dziko lomwe lero ndi Nigeria. Mfumuyi inkagwira yokha malonda a mafuta a kanjedza, zomwe zinkawawa amalonda a Chingerezi. M'chaka cha 1887 Johnston adaiitanira kuzokambirana atailonjeza kuti ibwerera kwawo mwamtendere. Itafika adaigwira. Jaja adakaweruzidwa ku Accra n'kuthamangitsidwira kuzilumba za West Indies, ndipo adamwalira mu 1891 ali paulendo wobwerera, asadaonenso kwawo. Apa n'kuti Johnston ali ndi zaka 29 zokha.

Akuluakulu a ku London sadamudzudzule kwenikweni. M'malo mwake nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, idaona kuti mnyamatayu ngothandiza.

Nthawi imeneyo kuno kudali kutavuta. Apwitikizi ankati dera lonse la mtsinje wa Shire ndi nyanja ndi lawo, pomwe amishoni a ku Scotland, omwe adali atakhazikika ku Blantyre ndi ku Bandawe, sankafuna kumva zimenezo. Kumpoto, kampani ya African Lakes, yomwe ambiri amaidziwa kuti Mandala, idali pankhondo ndi Mlozi, mkulu wogulitsa akapolo yemwe adamanga malinga pafupi ndi Karonga n'kumazunza Ankhonde. Mu 1889 Johnston adasankhidwa kukhala kazembe wa Britain ku Mozambique. Asadanyamuke adakumana ndi Cecil Rhodes ku London, ndipo mponda matikiyo adamulembera cheke cha mapaundi 2,000 choti akagwiritse ntchito popangana ndi mafumu.

Adalowa mumtsinje wa Zambezi kudzera pa Chinde, nakwera ndi Shire mpaka kunyanja. Ku Nkhotakota adapangana ndi Jumbe. Ku Karonga, mu October 1889, adagwirizana ndi Mlozi kuti nkhondo iyambe yaima. Kuchoka apo adakwera mapiri kulowera kumadzulo potsata msewu wa Stevenson.

Msewu umenewu ngofunika kuufotokoza, chifukwa ndiwo udaika dera la Chitipa pamapu a azungu. Mkulu wina wamalonda wa ku Glasgow, James Stevenson, adapereka mapaundi 4,000 kuti palambulidwe njira yolumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Ntchito idayamba mu 1881 motsogozedwa ndi injiniya James Stewart, yemwe adamwalira ndi malungo mu 1883. Yemwe adalowa m'malo mwake, William McEwan, naye adamwalira mu 1885. Msewuwo sudathe, mbali yake yaikulu idangokhala kanjira ka apaulendo a pansi. Koma pamapu a ku Ulaya unkajambulidwa ngati msewu weniweni, ndipo pandale za masiku amenewo mapu ndiwo ankalankhula.

Johnston adayenda m'njirayi mpaka kunyanja ya Tanganyika akusiya mbendera ndi mapepala m'midzi ya mafumu. Kuti mafumuwo ankamva zonse zolembedwa m'mapepala a Chingerezi aja, n'zokayikitsa. Koma pomwe Britain ndi Germany adakhala pansi n'kusainirana pangano pa 1 July 1890, Angerezi adali ndi umboni woti adafika kale m'derali. Panganolo lidaika malire pamtsinje wa Songwe, ndipo msewu wa Stevenson udatsala mbali ya Britain. Johnston sadasaine nawo, koma thukuta la ulendo wake ndi lomwe lidagwiritsidwa ntchito. Anthu a tsidya lino la Songwe adagona ali Alambya, Andali ndi Asukwa monga mwa masiku onse, osadziwa kuti abale awo a tsidya lina asanduka anthu a Jeremani.

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Johnston adapatsidwa udindo wa Komishonala. Udindo wa bwanamkubwa udadza pambuyo, mu 1907, ndipo woyamba kuutenga adali wachiwiri wake, Alfred Sharpe. Johnston adafika kudzayamba ntchito ali ndi zaka 33. Boma la kwawo silinkafuna kuononga ndalama zambiri kuno, choncho kampani ya Rhodes ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera dziko. Kufikira 1895 iye ankayang'aniranso dera la kampaniyo lomwe lero lili m'Zambia, ndipo mzere wolekanitsa madera awiriwa, wotsata zitunda zogawa madzi, ndiwo malire omwe ali kumadzulo kwa Chitipa.

Likulu akadatha kuliika ku Blantyre, komwe kudali kale mishoni ndi masitolo. Iye adasankha Zomba. Kudali madzi ambiri, mphepo yabwino, ndipo kudali pafupi ndi njira zomwe ogulitsa akapolo ankadutsa polowera kugombe la nyanja yamchere. Kudalinso kotalikirako ndi amishoni a ku Blantyre, omwe sankachedwa kulowerera pankhani za boma. Koma kwa munthu wa maso a wojambula, phiri lenilenilo liyenera kuti lidalankhula mokweza kuposa zifukwa zonsezi.

Nyumba adaipeza ili chimangire. Adaimanga cha m'ma 1886 ndi John Buchanan ndi abale ake, atapatsidwa ntchitoyo ndi kazembe wa nthawiyo, A.G.S. Hawes. Buchanan naye ali ndi mbiri yake. Adabwera mu 1876 ngati wosamalira minda pamishoni ya Blantyre, koma mu 1881 adachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ena kaamba ka nkhanza zomwe zinkachitika pamishonipo, monga kukwapula anthu modetsa nkhawa. Atachotsedwa adakhazikika ku Zomba n'kuyamba kulima khofi, nzimbe ndi fodya.

Nyumba yomwe adamangayo idali ya njerwa, yansanjika, ndipo mbali zake ziwiri kudali nsanja za madenga osongoka. Madenga amenewa ndiwo adabala dzina loti Masongola. M'dziko lomwe ngakhale azungu ambiri ankagona m'nyumba zaudzu, chinyumba chotere chidali chodabwitsa, ndipo chidamangidwa dala kuti chidabwitse. Mfumu yobwera kudzaonana ndi kazembe inkayamba kuona nsanjazo ikadali patali.

Chomwe Johnston adaonjezera ndi munda. Pobwera adatenga katswiri wa zomera ndi nyama, Alexander Whyte, Mskotishi yemwe adagwirapo ntchito zaka zambiri ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka. Whyte adali kale bambo wazaka zoposa 55, msinkhu womwe azungu ambiri sankayerekeza n'komwe kubwera kudziko la malungo. Iye ndiye adakonza malo otsetsereka a kumunsi kwa nyumbayo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, kukhala munda wa maluwa ndi woyeserera mbewu. Mbewu ndi mbande zinkachokera kunja kudzayesedwa ngati zingachite bwino m'nthaka ya kuno, pomwe zomera za kuno zinkaumitsidwa, kumangidwa m'mabokosi n'kutumizidwa kumunda waukulu wa Kew ku London. Manja omwe adagumula miyala, kusalaza nthaka ndi kutunga madzi othirira adali a anthu a kuno, koma maina omwe adatsala m'mabuku ndi a Whyte ndi Johnston.

Kumanga nyumba yaikulu kunja kwa mzinda n'kuizunguliza ndi munda si nzeru yomwe Johnston adayambitsa. Anthu olemera a ku Italy adatchuka nayo zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Chitsanzo chodziwika ndi Villa d'Este ku Tivoli, kufupi ndi mzinda wa Rome, yomwe adamangitsa Kadinala Ippolito d'Este atapatsidwa udindo wolamulira tawuniyo mu 1550. Katswiri wake, Pirro Ligorio, adapatutsa madzi a mtsinje wa Aniene kuti azithovoka m'akasupe mazanamazana potsetsereka paphiri, popanda injini iliyonse. Lero malowa ali pamndandanda wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse, pomwe adalembedwa mu 2001. Koma kuti mundawo upeze malo, nyumba za anthu wamba a m'tawuniyo zidagwetsedwa. Munda wa pa Masongola udali waung'ono ndi wosauka pouyerekeza ndi umenewo, komabe uthenga wake kwa odutsa udali womwewo: mwini malo ano amalamula ngakhale madzi ndi mitengo.

Johnston ankakonda moyo wa pa Masongola. Pabwalo pankayendayenda mbalame ndi nyama zakutchire zomwe ankaweta, ndipo akapeza mpata ankakhala pansi n'kumazijambula. Ambiri mwa maluwa, mbalame, nkhope za anthu ndi mapiri omwe ali m'buku lake lalikulu lofotokoza za dziko lino, British Central Africa, lomwe lidatuluka mu 1897, adajambula yekha. Aliyense wotsegula bukuli amavomereza kuti dzanja lidalipo. Ankalembanso mawu a zinenero zosiyanasiyana kuchokera kwa antchito, asilikali ndi alendo, ntchito yomwe sadaisiye mpaka ukalamba wake.

Luso lake lidalowa ngakhale m'zinthu za boma. Chizindikiro cha dziko adachijambula yekha: pamwamba mtengo wa khofi, m'mbali anthu awiri akuda, wina atanyamula piki wina fosholo. Adasankhanso mitundu itatu, wakuda, wachikasu ndi woyera, kuimira anthu akuda, Amwenye ndi azungu, ndipo mitunduyi adaiika mpaka payunifolomu ya asilikali ake. Pachithunzi zimaoneka ngati mgwirizano. Koma tayang'anani yemwe wanyamula piki ndi fosholo. M'maganizo a Johnston, monga momwe mabuku ake a nthawiyo akuonetsera, mzungu adali woti azilamula, Mmwenye azichita malonda ndi ntchito zaluso, ndipo munthu wakuda azigwira khasu.

Whyte naye sadangokhala m'munda. Mu 1891 adakwera phiri la Mulanje n'kubwerako ndi nthambi za mkungudza, mtengo womwe akatswiri adaupatsa dzina la Widdringtonia whytei pomulemekeza. Umenewu ndi mtengo wa fuko lino, ndipo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo kaamba ka macheka ndi moto. Mu 1896 mkuluyu adafika kumpoto, nakwera Nyika ndi mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, komwe adatolera zomera, mbalame ndi tinyama tomwe tidakathera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku London. N'zoseketsa kuti khofi, yemwe adali pachizindikiro cha Johnston, adalephera m'minda ya azungu kummwera patangopita zaka zochepa, koma adadzachita bwino m'manja mwa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku komweko.

Tsono m'nyumba yomweyi ya maluwa ndi mbalame ndimo munkakonzedwa nkhondo.

Johnston adabwera ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikh, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Asadathe ngakhale mwezi wambiri m'dziko muno adatumiza asilikaliwo kukathira nkhondo mfumu Chikumbu ku Mulanje. Kenako adalunjika kwa Mponda, komwe adamanga linga lomwe adalitcha Fort Johnston. Zinthu sizidayende mophweka. Mu December 1891 ankhondo a Makanjira adapha Maguire m'mbali mwa nyanja, ndipo chaka chotsatira anthu a Jalasi adathamangitsa gulu la boma n'kulanda mzinga. Mpaka pomwe sitima zankhondo ziwiri, Pioneer ndi Adventure, zidaikidwa panyanja mu 1893 komanso asilikali ena atabwera kuchokera ku India m'pomwe mphamvu zidapendekera mbali ya boma. Pofika kumapeto kwa 1895 Makanjira, Kawinga, Matapwiri ndi Jalasi onse adali atagonja kapena kuthawira ku Mozambique.

Iye mwini ankapita nawo kunkhondo, ndipo ankadziwika ndi ambulera yoyera yomwe ankafunda ngakhale zipolopolo zikulira. Mantha adalibe, zimenezo ngakhale adani ake sankatsutsa.

Pankhani ya nkhondozi chilungamo chili pawiri. N'zoona kuti ambiri mwa mafumuwa ankagulitsa anthu, ndipo midzi yosawerengeka idapuma malonda oipawo atatha. Koma n'zoonanso kuti mfumu iliyonse yokana kugonjera boma latsopanoli kapena kupereka msonkho inkapezeka pamndandanda womwewo, ndipo midzi ndi nkhokwe zinkatenthedwa osasankha kuti mwini wake adagulitsapo munthu kapena ayi. Amishoni a ku Blantyre, David Clement Scott ndi Alexander Hetherwick, omwe ankadana ndi ukapolo kuposa wina aliyense, adali patsogolo kudzudzula Johnston m'nyuzipepala yawo. Iye naye sankawafuna, ndipo zachipembedzo sizinkamukhudza.

Nkhondo yomwe anthu a kumpoto amaikumbukira ndi ya Mlozi. Pangano la 1889 lija lidangogula nthawi. Kumayambiriro kwa December 1895, mvula ili pakati, Johnston adafika ku Karonga ndi asilikali ndi mizinga nazinga linga la Mlozi. Lingalo litagwa, Mlozi adapezeka atabisala m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo yemwe adamutulutsa adali msilikali wa Chitonga, Sajeni Bandawe. Mlandu udazengedwa pamaso pa mafumu a Ankhonde, ndipo pa 4 December adanyongedwa. Akapolo mazana angapo adamasulidwa, koma anthu enanso mazana adafera pomwepo.

Chaka chotsatira boma lidamanga linga m'mapiri a kumadzulo kwa Karonga kuti lizilondera msewu wa Stevenson. Lingalo adalitcha Fort Hill polemekeza Clement Hill, mkulu wina wa muofesi yoona za maiko akunja ku London. Pamenepo ndi pomwe padakula Boma lomwe anthu a pa Lufita amapitako lero.

Mabala omwe adachedwa kupola sadali a mfuti, adali a cholembera. Azungu omwe adafika boma lisadakhazikike adali atatenga malo aakulu kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Johnston adaunika zonena zawo, zina n'kukana kapena kuchepetsa, koma zambiri adavomereza popereka zikalata za umwini zotchedwa Certificates of Claim. Zikalatazi zidakhudza maekala oposa 3.7 miliyoni, pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a nthaka ya dziko lino. Mwa amenewa, maekala 2.7 miliyoni adali m'boma la North Nyasa, momwe mudali Karonga ndi Chitipa wa lero, ndipo adagwera m'manja mwa kampani ya Rhodes yomwe inkayembekezera kupezamo miyala yamtengo wapatali. Kunena mosabisa, papepala dera lalikulu la kumpoto kwenikweni lidali katundu wa kampani, ngakhale eni ake ankalima ndi kuweta ng'ombe zawo osadziwa. Mwayi wake kampaniyo sidatsegule minda, ndipo nthakayo idabwezedwa m'zaka za m'ma 1930.

Kummwera mwayi wotere kudalibe. Nthaka yabwino ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba idapita kwa anthu ngati Eugene Sharrer, abale a Buchanan ndi banja la Bruce. M'zikalata zambiri Johnston adaikamo mfundo yoti midzi ndi minda yomwe idalipo kale isasokonezedwe. Koma ulimi wa makolo udali wosamukasamuka, ndipo munthu akangotsegula mphanje kapena kusuntha mudzi, chitetezo chija chinkatha. Eni minda adayamba kulipiritsa anthu lendi ya ntchito, yomwe ndi thangata. Pomwe anthu a John Chilembwe ankaukira ku Magomero mu January 1915, adalunjika pamunda wa A.L. Bruce, umodzi mwa minda yomwe idakhazikika pazikalata zimenezi.

Pamwamba pa izi padabwera msonkho. Poyamba udali mashileni 6, koma anthu atadandaula, kuphatikizapo amishoni, udatsitsidwa kufika pa mashileni atatu panyumba. Munthu wa kumudzi ndalama akadaitenga kuti? Njira idali imodzi, kukagwira ntchito kwa mzungu. Boma lidapeza ndalama, eni minda adapeza antchito.

Pali zina zomwe adasiya zomwe dziko lidapitiriza kugwiritsa ntchito: adagawa dziko m'maboma, adakhazikitsa positi ofesi ndi makhoti, ndipo mu 1894 nyuzipepala ya boma idayamba kusindikizidwa ku Zomba. Zonsezi adachita ndi azungu ochepa kwambiri komanso ndalama zoperewera, uku akukangana ndi Rhodes, yemwe ankafuna kuti dziko lino limezedwe ndi kampani yake. Apa Johnston adalimba, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe dziko lino silidasanduke mbali ya Rhodesia.

Thupi ndilo lidamukana. Malungo oopsa aja okodzetsa mkodzo wakuda adamugwira kangapo, ndipo atangotha nkhondo ya Mlozi adadwala mwakayakaya. Mu 1896 adachoka m'dziko muno osadzabweranso kudzalamulira. Chaka chomwecho Mfumukazi Victoria idamupatsa ulemu wa Sir, ndipo adakwatira Winifred Irby. Buchanan, yemwe adamanga Masongola, adamwalira chaka chomwecho ku Chinde ali paulendo wopita kwawo.

Atapumako ngati kazembe ku Tunis, mu 1899 adatumizidwa ku Uganda. Kumeneko adasainirana ndi akuluakulu a Buganda pangano la 1900, lomwe lidagawa nthaka pakati pa mafumu ndi boma la atsamunda, ndipo mikangano yake ikumvekabe mpaka lero. Ali komweko adamva za nyama ina ya m'nkhalango za Congo yomwe azungu adali asadaionepo. Adapeza zikopa ndi zigaza zake n'kuzitumiza ku London, komwe mu 1901 akatswiri adatsimikiza kuti ndi mtundu wachibale wa nyamalikiti, ngakhale miyendo yake ili ndi mizere ngati ya mbidzi. Nyamayi ndi okapi, ndipo m'mabuku a sayansi imatchedwa Okapia johnstoni. Alenje a m'nkhalangozo adali akuidziwa kuyambira kalekale.

Ntchito ya boma idathera pomwepo ali ndi zaka 43 zokha. Akuluakulu a ku London adali atatopa naye chifukwa cha pakamwa pake. Mu 1902 mkazi wake adabereka mapasa aamuna omwe adamwalira patangopita maola ochepa, ndipo banjali silidakhalenso ndi mwana. Mu 1903 adapikisana nawo pachisankho cha aphungu ku Rochester koma adagwa.

Zaka zotsala adazithera m'nyumba yakale ya St John's Priory m'mudzi wa Poling ku Sussex, akulemba ndi kujambula. Adalemba mabuku oposa 40. Mu 1908 adapita ku America ataitanidwa ndi Pulezidenti Theodore Roosevelt, ndipo ulendowo udabala buku lonena za moyo wa anthu akuda kumeneko. Maganizo ake adafewako pokalamba, moti adayamba kudzudzula nkhanza zina za atsamunda, ngakhale sadasiye kukhulupirira kuti mitundu ya anthu ili m'makwerero. Ntchito yomwe ankainyadira kwambiri idali mabuku awiri akuluakulu oyerekeza zinenero mazanamazana za Chibantu, omwe adatuluka mu 1919 ndi 1922. Mawu ena a m'mabukuwa adawatola kuno, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi m'mapiri omwe adadutsa mu 1889.

Mu 1925 adadwala matenda opha ziwalo, ndipo pa 31 July 1927 adamwalira ku Woodsetts, kufupi ndi Worksop, ali ndi zaka 69. Adaikidwa m'manda a patchalitchi cha ku Poling.

Masongola sidakhalitse ngati nyumba ya mtsogoleri wa dziko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 olamulira adasamukira kunyumba ina ku Zomba komweko, yomwe idadzakhala State House. Nyumba ya nsanja ziwiri ija idasanduka malo ogona ogwira ntchito m'boma, kenako hotela. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Munda wa Whyte udapulumuka, ndipo udadzakhala m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987. Mulunguzi akuyendabe pakati pa mitengo yake.

Dziko litalandira ufulu, Fort Johnston idasanduka Mangochi, Fort Hill n'kukhala Chitipa. Malire okha ndiwo sadasinthe dzina kapena malo, kupatula kuti Songwe ali ndi khalidwe lake: kumunsi kwake, cha ku Karonga, mtsinjewu ukasefukira umasintha njira, ndipo munda womwe chaka chatha udali m'Malawi umatha kupezeka tsidya la Tanzania. Pangano lija la 1 July 1890 ndi lomwenso boma la Malawi lidatulutsa mu 2012, pomwe mkangano ndi Tanzania pa umwini wa chigawo cha kumpoto cha nyanja udabukanso kaamba ka nkhani yofufuza mafuta.